Intaneti ndi nkhokwe: mlembi atapemo, koma asaiwale kuikamo

Mwezi wa Juni chaka chatha, m'mawa wina wozizira monga mukudziwira kuno ku Dedza, nkhungu itaphimba phiri lonse, kunyumba kwanga kudafika mnyamata wina wa cha ku Linthipe. Ndidamuphunzitsapo Chichewa kusekondale, ndipo chichokereni pasukulu wakhala akubwera kudzandionetsa zomwe walemba. Tsiku limeneli adabwera chimanjamanja. Adakhala pakhonde, manja ali m'khwapa, n'kungoti: "Aphunzitsi, buku lija lapita."

Bukulo lidali nkhani yaitali yomwe adakhala akulemba kwa zaka ziwiri. Inkakamba za mkamwini yemwe adauzidwa kuti abwerere kwawo mkazi wake atamwalira, n'kusiya ana ndi dimba la mbatatesi lomwe adalikhetsera thukuta zaka khumi. Ndidawerengako mitu itatu, ndipo sikuti ndikumukometsa ayi, idali nkhani yoti ukayamba sufuna kuisiya. Yonseyo ankailemba pafoni, ndi zala ziwiri, usiku akaweruka kugeni yake. Tsiku lina la msika, anthu akukankhana pokwera minibasi, wina adamusolola foniyo m'thumba.

Ndidamufunsa ngati adasungako kwina. Adapukusa mutu. Ndidafunsa ngati ali ndi imelo. Adati mnzake adamutsegulirapo nthawi yomwe ankalowa pa Facebook, koma mawu achinsinsi adaiwala kalekale. Basitu, madzi akatayika saoleka. Chomwe chidandiwawa kwambiri n'chakuti chida chomwe chikadapulumutsa bukulo chidali m'foni momwemo, chaulere, koma palibe adamuuzapo. Ngakhale ine mphunzitsi wake sindidamuuze.

N'chifukwa chake lero ndati ndikambeko za zida za pa intaneti zomwe zingathandize munthu wolemba m'Chichewa. Alembife tagawikana pawiri, ndipo mbali zonse tikulakwitsa. Ena, makamaka ife a imvi, intaneti timaiona ngati bwalo la miseche ndi mpira basi, osadziwa kuti muli mabuku omwe sitingawapeze m'sitolo. Ena, makamaka achinyamata, aisenzetsa ntchito yonse: iwaganizire, iwamasulire, iwalembere.

Ine ndimaona kuti intaneti ili ngati nkhokwe. M'nkhokwe umatapamo zomwe wina adaikamo. Eni Chingerezi adathiramo chawo mpaka kudzaza. Chichewa chilimo chapansi penipeni, ndipo china n'chofumbwa. Mlembi wanzeru atapemo chabwinocho, achipete, kenaka naye aikemo chake.

Tiyambe ndi kusunga, poti ndi pomwe mnyamata uja adagwera. Munthu akatsegula akaunti ya Google amapatsidwa malo aulere osungiramo zinthu okwana 15GB. Mukamalemba mu Google Docs, zolemba zanu zimasungika kunja kwa foni, moti foniyo ikabedwa, ikagwera m'chitsime kapena ikapsa kotchajitsa, mumangolowa pafoni ina n'kupeza zonse zili bwinobwino. Mungathenso kuitchera kuti muzilemba popanda netiweki, zolembazo n'kudzasungika zokha mukafika pomwe netiweki ikugwira. Kwa ife a kumapiri kuno, komwe malo ena umachita kukwera pachulu kuti uimbe foni, zimenezi n'zothandiza zedi.

Ndikudziwa ena mukuti bandulo njodula. Zoona, njodula. Koma mawu olembedwa salemera. Buku lathunthu la mawu 50,000, likakhala lopanda zithunzi, n'lopepuka kuposa chithunzi chimodzi chomwe mumajambula paukwati. Ngati zonsezi zikukuvutani, dzitumizireni nokha imelo Loweruka lililonse, muli zomwe mwalemba sabata imeneyo. Mawu achinsinsi alembeni m'kope, muike pomwe mumasunga chiphaso cha unzika. Musadalire mnzanu kuti azikukumbukirirani. Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako.

Chida chachiwiri ndi mtanthauziramawu. Dr Steven Paas, m'busa wa ku Netherlands yemwe adaphunzitsapo ku Zomba Theological College, adagwira ntchito zaka zambiri ndi gulu la Amalawi kusonkhanitsa mawu a Chichewa ndi Chingerezi. Bukuli lidasindikizidwa ndi Oxford University Press mu 2016, ndipo mawu ake mungawafufuze pafoni kudzera pa tsamba la chichewadictionary.org. Mtolankhani amene akumasulira chikalata cha boma mothamanga, kapena wophunzira amene liwu lamuthawa, akapita pamenepo sabwerako chimanjamanja.

Palinso nkhokwe ina yotchedwa Internet Archive, momwe amasungamo mabuku akale ojambulidwa tsamba ndi tsamba. M'menemo muli mtanthauziramawu wa Chimang'anja yemwe adalemba David Clement Scott mu 1892, mmishonale yemwe uja adamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre. Alexander Hetherwick adadzalikonzanso bukuli mu 1929. Ubwino wake ngwakuti Scott sankangopereka liwu la Chingerezi, ankafotokozanso miyambo, zida ndi ntchito za anthu a nthawi imeneyo. Ngati mukulemba nkhani ya m'nthawi ya makolo, likopereni pafoni kamodzi kokha, muziliwerenga popanda bandulo. Kumbukirani chabe kuti ndi chiyankhulo cha kummwera, cholembedwa ndi mlendo, ndiye si zonse zingagwirizane ndi zomwe agogo anu a kwa Kaphuka kapena kwa Kasumbu amanena.

Mbiri ya mabuku amenewa ili ndi phunziro. M'zaka za m'ma 1850, kufupi ndi Mombasa m'dziko la Kenya, mmishonale wa ku Germany, Johannes Rebmann, adakumana ndi Salimini, munthu yemwe adagwidwa ukapolo kuchokera m'chigawo chino chapakati. Rebmann ankafunsa, Salimini n'kumayankha, ndipo mawuwo adadzatuluka m'buku mu 1877. Ndiye kuti buku loyamba lalikulu la mawu a chiyankhulo chathu lidachokera pakamwa pa munthu. Mpaka lero zili choncho. Buku limatsatira pakamwa, ndipo makina amatsatira buku. Tisaisinthanitse ndondomeko imeneyi.

Chida chachitatu ena chikudabwitsani. Pa pulogalamu ya pafoni ya YouVersion mungawerenge Baibulo la Chichewa m'mamasuliridwe angapo: Buku Lopatulika lomwe lidatuluka koyamba mu 1922, Buku Loyera la 1998, komanso Mawu a Mulungu mu Chichewa Chalero. Sindikukamba za chipembedzo pano, kaya ndinu Mkhristu, Msilamu kapena wa kwa Aroni. Ndikukamba za luso. Tengani ndime imodzi, muiwerenge mokweza m'mabuku atatuwa, muone momwe anthu osiyana, a zaka zosiyana, adalimbanirana ndi chiganizo chimodzimodzi. Mudzaona pomwe wina adamatirira ku chiyankhulo chachilendo ndi pomwe wina adamasuka n'kuyankhula monga timayankhulira pamudzi. Sukulu yomasulira yaulere ndi imeneyo.

Mukamafufuza m'mabuku akale, dziwani kuti kalembedwe kadasintha. Kale ankalemba "cifukwa" ndi "cinthu", monga momwe anzathu a ku Zambia amalemberabe, ndipo ankalemba "ndiri" pomwe lero timalemba "ndili". Chichewa Board, yomwe idakhazikitsidwa mu 1972, idatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, n'kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. Ntchito yake idapita m'manja mwa Centre for Language Studies ya ku Zomba mu 1996. Mlembi aliyense ayenera kuwadziwa malamulowa, chifukwa pa Facebook aliyense akulemba mwa iye yekha, ndipo mwana amene akuphunzirira kulemba pamenepo sangadziwe kusiyana kwa "m'mudzi" ndi "mudzi", kapena pomwe pakhala "l" ndi pomwe pakhala "r".

Chachinayi n'chaching'ono koma chimapsetsa mtima: kiyibodi ya pafoni. Mafoni ambiri amabwera atatcheredwa kuti azikonza okha mawu a Chingerezi. Ine yanga inkati ndikalemba "bambo" iyo n'kuonjezera "o" wina kumapeto, bambo anga n'kusanduka nsungwi. Lowani pomwe mumatchera foni, muthimitse kodzikonzerako. Makiyibodi monga Gboard ndi SwiftKey amalola kusankha chiyankhulo, ndiye fufuzani dzina loti Chichewa kapena Nyanja. Mawu omwe mumawalemba kawirikawiri, monga mayina a anthu a m'nkhani yanu, asungeni kuti kiyibodi iwazolowere.

Komabe musayembekezere kuti makina akugwirirani zolakwika zonse monga amachitira m'Chingerezi. Chichewa chimamanga chiganizo chathunthu m'liwu limodzi. Taonani liwu loti "sindidzakakuuzaninso". Muli kukana, muli mwini ntchito, muli nthawi, muli malo, muli ulemu, muli kubwereza. Tsinde limodzi loti "uza" limabala mawu mazanamazana. Edmond Kachale, katswiri wa makompyuta wa m'dziko muno, adagwirizanapo ndi Kevin Scannell wa ku America kupanga chida choona kalembedwe ka mawu a Chichewa, ndipo ntchito yotere njofunika kuipitiriza. Koma pakadali pano mkonzi wodalirika ndi diso lanu ndi khutu la mnzanu. Werengani mokweza zomwe mwalemba. Pomwe lilime lapunthwa, pamenepo pali vuto.

Chida chachisanu, chomwe kwa ine chimaposa zonse, sichifuna ndi bandulo yomwe: chojambulira mawu chomwe chili m'foni iliyonse. Mtanthauziramawu akupatsani liwu loti "kuyenda". Koma kuti mudziwe nthawi yomwe munthu amanyang'ama, kudzandira, kutsimphina kapena kuyenda monyang'wa, muyenera kumva anthu akuyankhula. Mvekero monga "zii", "balamanthu", "thapsa" ndi "ndwii" umakoma ukatuluka pamalo pake. Pitani pabwalo la milandu kwa a gulupu, mumve momwe nkhoswe imazungulira isadafike pamutu wa nkhani. Khalani ndi amayi pamtondo. Imani pamsika wa Bembeke, mumve ogulitsa kabichi ndi mbatatesi akunenerera ndi oyendetsa malole. Jambulani, mukamvetsere kunyumba, mulembe.

Sitikuyamba ndife ntchito imeneyi. Ku Mua, Bambo Claude Boucher adatsegula malo a Kungoni mu 1976, ndipo adatha zaka zambiri akumvetsera ndi kulemba za miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Ku Chongoni kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, omwe bungwe la UNESCO lidawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Makolo athu adasunga maphunziro awo pathanthwe. Ife tili ndi foni m'thumba, nanga tikanikirenji kusunga mawu a agogo amene mwina chaka chamawa sitikhala nawo?

Apa pali chenjezo. Pemphani kaye musadajambule munthu, ndipo muwauze komwe mawu awo akupita. Sikuti chilichonse chomwe khutu lamva n'choika pa intaneti. Za kudambwe n'za kudambwe, za kutsimba n'za kutsimba. Mlembi amene waulula za kumeneko kuti apeze omutsatira ambiri pa Facebook wadzitsekera yekha makomo, ndipo watsekeranso alembi onse obwera pambuyo pake.

Tsopano tifike pomwe pali mkangano, pa makina omasulira ndi makina olemba okha aja akuti AI. Google Translate idayamba kumasulira Chichewa mu Disembala 2014. ChatGPT idatuluka mu Novembala 2022, ndipo pambuyo pake padabwera ina yambiri. Sindinama, ndimazigwiritsa ntchito. Ife a ku Dedza tayandikana ndi Angónia, ndipo kalata ya Chipwitikizi ikabwera kuchokera kutsidya kwa malire, makina amandithandiza kumva mutu wake. Kumva mutu wa nkhani ndi ntchito ina, kulemba nkhani yoti anthu awerenge ndi ntchito inanso.

Taganizirani chiganizo choti "mtengo wa mbatatesi wakwera". Mwana aliyense wa kuno akudziwa kuti tikudandaula za ndalama. Koma papepala "mtengo" wa pamsika ndi "mtengo" wa m'nkhalango amalembedwa chimodzimodzi, kusiyana kwake kuli m'kamvekedwe. N'chimodzimodzi "khungu" la pathupi ndi "khungu" la m'maso. Tikati mnyamata "wagula njira", sitikunena kuti walipira msewu. Tikati pamaliro "pabwera zilombo", palibe amathawa fisi. Makina akalondola pamenepa, ndiye kuti wina adalembapo zotere penapake. Pomwe palibe adalembapo, amangoponya mwala kumdima.

Vuto lina ndi ulemu. Chingerezi chili ndi liwu limodzi la munthu amene ukuyankhula naye, kaya ndi khanda kaya ndi mfumu. Ife tili ndi "iwe" ndi "inu", ndipo pena sititchula ndi "inu" yemwe, timati "kodi adzuka bwanji kumeneko?" Chaka chino ndidapemphedwa kuwerenga nkhani zomwe ophunzira adalemba pampikisano wina wa m'sukulu. M'nkhani ina mkamwini ankauza apongozi ake aakazi kuti "iwe bwera kuno". M'ina ndidapeza "msonkhano udatenga malo Lachiwiri" ndi "amayi amasewera gawo lalikulu pachitukuko". Nditawafunsa bwinobwino, ana ena adavomera kuti adalemba m'Chingerezi n'kupatsa makina kuti atembenuze. Mawu onse adali a Chichewa, kalembedwe kosalakwika, koma munthu wa kwathu mudalibe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wina anena kuti, aphunzitsi, inu ndinu achikale, makinawa akunka nakhwima, posachedwapa azilemba Chichewa choposa chanu. Mwina. Sindikulimbana ndi makina ine, ndipo sindigwirizana ndi anzanga omwe akuti tingowaletseratu. Amathandiza kusanja mfundo, kufotokoza nkhani yovuta ya sayansi kapena ya malamulo m'mawu osavuta, ndi kukonza Chingerezi cha kalata yopita kwa wosindikiza mabuku. Koma ali ndi khalidwe limodzi loipa: sadziwa kunena kuti "sindikudziwa". Mukawapempha mikuluwiko khumi ya Chichewa, ina akupatsani yeniyeni, ina yopeka, yonse ndi nkhope imodzimodzi. Mukawafunsa mbiri ya ufumu wa Kachindamoto, dzina lililonse ndi chaka chilichonse mukachitsimikize kwina musadachiike m'nyuzipepala.

Ndipo funso lenileni ndi ili: makinawo akhwima ndi chakudya chanji? Amaphunzira kuchokera ku zomwe zalembedwa kale, makamaka za pa intaneti. Tikadzaza intaneti ndi Chichewa chotembenuzidwa ndi makina, makina a mawa adzaphunzira chomwecho, n'kuchibweza kwa ana athu ngati Chichewa chenicheni. Zoterezi zidaonekapo kwina. Mu 2020 zidadziwika kuti gawo lalikulu la Wikipedia ya chiyankhulo cha Scots cha ku Scotland lidalembedwa ndi mnyamata wa ku America yemwe sankachiyankhula n'komwe. Ankangotenga Chingerezi n'kusinthasintha mawu. Kwa zaka zingapo anthu ankawerenga zimenezo n'kumayesa ndicho chiyankhulocho, eni ake ali phee chifukwa sankalowako. Ifenso tikakhala phee zitionekera.

Apa ndiye pabwera mbali yachiwiri ya nkhokwe ija, yoikamo. Wikipedia ya Chingerezi ili ndi nkhani zoposa 6 miliyoni. Ya Chichewa sizifika ngakhale 5,000, ndipo abale athu a Chitumbuka adatipitirira kutali. Kalembera wa 2018 adapeza kuti boma la Dedza lokha lili ndi anthu 830,512. Mwa anthu onsewa, palibedi khumi omwe angakhale pansi n'kulemba m'Chichewa chomveka za msewu wa Khwekhwelere, za ulimi wa mbatatesi, za mbiya za ku Dedza Pottery, za mishoni ya Bembeke, za sukulu ija ankangoti Box 48? Aliyense angathe kulemba pa Wikipedia, bola anene zoona ndi kusonyeza komwe wazitenga. Ku Africa kuno kulinso gulu la akatswiri lotchedwa Masakhane, liwu la Chizulu lotanthauza kuti timange pamodzi, lomwe likuyesetsa kuti makina aphunzire ziyankhulo zathu kuchokera kwa eni ake. Anthu otere amasowa chinthu chimodzi: zolembedwa zabwino.

Kwa amene mumakonda kulembera ana, pali African Storybook ya bungwe la Saide la ku South Africa, komanso StoryWeaver ya Pratham Books ya ku India. Pamenepa mungawerenge timabuku ta ana, kutimasulira m'Chichewa, kapena kulemba tanu pogwiritsa ntchito zithunzi zomwe zilipo kale. Mphunzitsi wa sitandade 2 ku Mayani angathe kukopera kabuku kotere pafoni n'kuwerengera ana ake. Koma werengani kaye malamulo ake. Mabuku a pamenepa amakhala otseguka, kutanthauza kuti wina angathe kulikopera, kulimasulira kapena kulisindikiza osakulipirani, bola atchule dzina lanu. Ngati ndi mphatso yanu kwa ana a dziko lino, perekani ndi mtima wonse. Ngati ndi buku lomwe mukufuna lidzakugulireni feteleza, musaliike pamenepo.

Izi zikutifikitsa pa nkhani ya umwini. Ambiri akuika ndakatulo ndi nkhani zawo pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, ndipo n'zabwino chifukwa owerenga ali komweko. Ndi pomwenso mungapeze anzanu okuuzani mosabisa kuti mutu wachitatu wafooka. Mutu umodzi susenza denga. Komatu ndakatulo ikangozungulira magulu atatu, dzina la mwini wake limagwa panjira, mawa muimva ikulakatulidwa paukwati ndi munthu wina. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza umwini wa zaluso la 2016, ndipo bungwe la COSOMA ndilo limayang'anira zimenezi. Lidziweni. Dziwaninso bungwe la alembi la Malawi Writers Union. Buku lalitali musalimwaze lonse, onetsaniko pang'ono. Imelo ija mumadzitumizira Loweruka ili ndi tsiku lake, ndipo ingadzakhale mboni yanu wina akadzati nkhaniyo ndi yake.

Chenjeraninso ndi akathyali. Mukaona uthenga woti mwapambana mpikisano womwe simudalowe, kapena woti mutumize ndalama pafoni kuti buku lanu lisindikizidwe kunja, dziwani kuti akufuna kukudyerani masuku pamutu. Mipikisano yeniyeni ilipo ndipo ina njaulere. Commonwealth Short Story Prize, mwachitsanzo, salipiritsa polowa, ndipo Mmalawi ali ndi ufulu wopikisana nawo. Chochititsa chidwi n'chakuti amalandira nkhani zolembedwa m'Chiswahili momwemo, pomwe ya Chichewa iyenera kumasuliridwa kaye m'Chingerezi. Aswahili sadafike pamenepo mwamwayi ayi. Adalemba, adasindikiza, adadzaza nkhokwe yawo mpaka dziko lidawaona.

Pali ntchito ina yomwe mlembi payekha sangaithe. Centre for Language Studies idatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000, buku lofotokoza mawu a Chichewa m'Chichewa chomwe. Buku limeneli, pamodzi ndi malamulo a kalembedwe, liyenera kupezeka pafoni ya mphunzitsi ndi wophunzira aliyense, kwaulere, lotseguka popanda netiweki. Osindikiza mabuku akambirane ndi mabanja a alembi akale kuti mabuku monga Nthondo la Samuel Nthara ndi Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe azigulika pafoni pamtengo woti mwana wa sukulu angakwanitse, kulipira kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba. Nyuzipepala zomwe zili ndi masamba a Chichewa zisamafafanize nkhani zakale, chifukwa zimenezo ndi chuma. Ndipo aphunzitsi anzanga, tikamaphunzitsa chimangirizo ndi kalata, tipatuleko mphindi makumi awiri tiwaonetse ana kasungidwe ka zomwe alemba. Ine ndidaphunzira mochedwa, mwana wa eni atataya kale buku.

E.J. Chadza, mlembi wa Kokha Mcheperawakalulu, adabadwira m'boma lino mu 1923. Adalibe foni, adalibe intaneti, koma adali ndi khutu. Ife tili ndi zida zomwe iye sadazilote n'komwe, ndiye tilibe chonamizira. Chomwe tingataye, tikapanda kusamala, ndi khutulo. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Chichewa chikaoneka chochepa pa intaneti, mankhwala ake si kuchithawa kapena kuchisiyira makina, koma kuchilemba bwino ndi kuchiika pomwe ena angachipeze.

Mnyamata wa ku Linthipe uja adakhala miyezi itatu osagwira cholembera. Kenaka adagula kafoni kena kogwiritsidwapo kale ntchito, tidatsegula limodzi imelo yatsopano, mawu achinsinsi adalemba kuchikuto kwa kope lake la ngongole. Asadayambirenso, adapita kukacheza masiku awiri ndi mkulu wina yemwe zoterezi zidamuchitikiradi, adapempha, n'kujambula zonse zomwe mkuluyo adafotokoza. Pano ali pamutu wachisanu ndi chimodzi. Loweruka lililonse madzulo foni yanga imalira, ndikatsegula ndimapeza masamba atsopano. Akuti buku lachiwirili likumukomera kuposa lomwe lidabedwa, chifukwa mkamwini wake tsopano akuyankhula ngati munthu amene adakhaladi pachikamwini. Ndawerenga, ndipo sakunama.